Kalata ya Woyeza Migolo ya Nsomba

Foni inalira Lamulungu m'mawa ndili pakati pometa ndevu. Ndisananene n'komwe kuti halo, a Dokotala Thombozi anali atayamba kale kundiitana ndi udindo wanga.

"A Sherifi, boma laberedwa."

"Boma liti, a Dokotala?"

"Lathu. Bwerani ku Oakville tsopano lino. Muvale tayi."

Kuti musaganize kuti ndine munthu wamkulu, ndiyambe ndafotokoza. Dzina langa ndine Solomon Makwinja. Kumudzi ndinagwira upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, zambiri mwa izo ku Limbe, kusaka akuba njinga ndi othyola magolosale. Kuno ku Canada ndimalondera sitolo yaikulu ku Scarborough, kumene chigawenga chachikulu chimene ndinachigwirapo ndi gogo wina wolawa mphesa asanagule. Usherifiwo ndi wa m'bungwe lathu la Amalawi ndi abale a ku Zambia okhala mozungulira Toronto. Mu 1995 bungweli linali ndi anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, ndi maudindo khumi ndi asanu ndi anayi. Asanu ndi awiri opanda udindowo onse anali amayi, ndipo ndiwo ankagwira ntchito.

Malamulo a bungwe analemba ndi a Dokotala Michael Thombozi, mphunzitsi wa mbiri yakale pa koleji ina. Anali atatha zaka khumi ndi zinayi akulemba buku la atsogoleri oyambirira a Michigan, limodzi mwa maboma a ku America: ndani anali bwanamkubwa, ndani mlembi, ndani woweruza, ndani analowa m'malo mwa yani. Ankati Malawi watsopano, amene anali atangotuluka kumene m'chipani chimodzi, adzaphunzira m'bukulo kamangidwe ka boma. Podikira kuti Malawi awaitane, anayamba aphunzitsa ife. N'chifukwa chake bungwe lathu linalibe wapampando ngati mabungwe a anthu anzathu. Linali ndi Bwanamkubwa, Wachiwiri kwa Bwanamkubwa, Mlembi wa Boma, Oweruza atatu, ndi ena otero mpaka kufika pa ine.

Sabata imeneyo tinali titangochoka pamaliro kunyumba kwa a Dokotala komweko. Achimwene awo anamwalira ku Ntcheu Lachitatu m'bandakucha, ndipo popeza a Dokotala sakanatha kupita, tinakhuza ku Oakville mpaka Loweruka. Amayi anakhala pansi m'chipinda chochezera monga mwa nthawi zonse. Amuna kumudzi timakhala panja, koma panja pa Novembala wa kuno si pokhala munthu, ndiye tinazungulira hita m'galaja titavala makhoti. Chakudya chinkatipeza komweko. Chimbudzi ndi pogona zinali m'chipinda cha pansi, cholowera m'galajamo. Mwini nyumba nayenso sanapondemo m'chipinda chake chochezera kufikira amayi atasesa n'kubweza mipando Loweruka masana.

Ndinawapeza ataima pakati pa chipindacho, manja kumbuyo, akuyang'ana khoma ngati akudikira kuti lipepese.

"Werengani misomali, a Sherifi."

Inali isanu ndi iwiri. Pa isanu ndi umodzi panali madigiri atatu, chithunzi cha ukwati, mapu a Malawi osema pa thabwa, ndi chithunzi cha a Dokotala akugwirana chanza ndi munthu wina amene wojambula anamudula mutu. Msomali wapakati unali wokha.

"Kalata ya 1838," anatero. "Boma la Michigan lili ndi chaka chimodzi chokha chibadwire. Bwanamkubwa wawo ndi mnyamata wosakwana zaka makumi atatu. Ndipo akupeza nthawi yosankha bambo Jotham Pell kukhala woyeza migolo ya nsomba zamchere padoko. Mukuona tanthauzo lake?"

"Ntchito yake inali yotani?"

"Kuonetsetsa kuti mumgolo muli nsomba mpaka pansi, osati miyala."

"Kumsika wa Limbe tinali naye wotere. Analibe kalata."

"N'chifukwa chake tili pamene tilipa."

Kalatayo ndinkaidziwa, monga aliyense m'bungwe. Anaigula pa msika wa zinthu zakale ali pasukulu ku America. Inali pepala lofiirira m'felemu ya kukula ngati kope la mwana wasukulu, ndipo pansi pake panali siginecha imene iwo ankati ndi ya bwanamkubwa, ngakhale kwa ine inkaoneka ngati pamene nkhuku yapalasa. Vuto linali ndime ya khumi ndi ziwiri ya malamulo athu: Bwanamkubwa amalumbira atagwira felemu imeneyo, Lamulungu loyamba la Disembala. A Dokotala anali atasankhidwanso kachinayi, ndipo Lamulungulo linali sabata yotsatira.

Ndinayandikira khoma. Utoto unali utasuluka ndi dzuwa kupatula kuseri kwa mafelemu, kumene unatsala wakuda pang'ono. Ndinaona kuti chithunzi cha ukwati, chimene n'chachitali, chinali pamalo otambalala, ndipo digiri ina yotambalala inali pamalo aatali. Wina anali atazisinthanitsa.

"Wakuba wopanda ulemu," anatero a Dokotala nditawaonetsa. "Kuika digiri ya masitazi kumanzere kwa ya bachala."

Akazi awo, mayi Mathilda, analowa ndi tiyi, maso adakali otupa ndi maliro a alamu awo.

"Bambo, zithunzizotu paja..."

"Mayi, chonde. Iyi ndi nkhani ya bungwe."

"Ndimangoti Lachitatu lija..."

"Pali a Sherifi pano. Akafuna umboni wanu akuitanani."

Anaika tiyi patebulo ndi ulemu uja umene supuni imalira, natuluka. Ine sindinawaitane. Ndikulemba zimenezi pano chifukwa ndinadzilonjeza kunena zoona.

"Wakubayo ndikumudziwa," anatero a Dokotala. "Ndi Selina."

"Wakuuzani ndani?"

"Wachiwiri wanga, a Laban Chitedze. Ndinawaimbira dzulo kuwadziwitsa mwa lamulo. Anamuona ndi maso awo Lachinayi madzulo ataima pansi pa kalatayo, akusisita felemu."

"Kusisita si kuba."

"Kuba konse kumayamba ndi kusisita, a Sherifi. Muziwerenga mbiri. Loweruka anatuluka muno ndi chikwama chachikulu. Mawa naini koloko ndiimbira apolisi, kenako azungu amene amawagwirira ntchito."

Selina Namaona anachokera ku Luchenza kudzasamala gogo wina m'banja la ku Oakville konko, ndipo ankagona m'nyumba mwawo. Kuti apemphe mapepala okhalira kuno ankayenera kukwanitsa zaka ziwiri pantchito yotere, ndipo inatsala miyezi inayi. Ana ake awiri anali kwa amayi ake, akudikira mapepala omwewo. Kwa munthu wotere khoti silifunika. Foni imodzi yonena kuti wantchito wanu amaba m'nyumba za anthu imakwana.

"Ndipatseni sabata," ndinatero.

"Naini koloko," anatero Bwanamkubwa.

*

Nyumba imene Selina ankagwirako inali misewu inayi yokha kuchokera pamenepo, cha kunyanja. Ndinalowera kuseri. Ndinamupeza m'chipinda chochapira cha pansi akupinda mabulangete.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka, bambo, kaya inu. Nkhaniyi ndaimva. A Dokotala anandiimbira dzulo, akuti ndibweze mwakachetechete adzandikhululukira." Anawongola ngodya ya bulangete. "Ndinati zikomo. Sindinadziwe choyankha china."

"Munafika liti pamaliro?"

"Lachinayi cha m'ma thu koloko. Madamu anandipatsa ofu ya kuntchito mochedwa."

"Munakhala pati?"

"Kukhoma, pafupi ndi mayi Mathilda. Ndinagonanso pomwepo masiku awiri."

"Ndamva kuti munachoka ndi chikwama chachikulu."

Analoza ndi chibwano. Chikwamacho chinali pansi pa tebulo chili chopanda kanthu, ndipo pamwamba pa tebulo panali zitenje khumi ndi ziwiri zochapa bwino, zopindidwa.

"N'za amayi amene anagona pamaliro. Kumafulati kwawo mashini ochapira ndi odikira pa mzere. Kuno ndimachapa ndekha."

"Kalata ija munaiona Lachinayi?"

"Ayi, bambo. Pakhoma panalibe kanthu."

"Simunaime pansi pake?"

"Ndikanaima pansi pa chiyani? Panalibe kanthu."

Ndinalemba m'kabuku kanga kuti: akukana. Pa zaka zanga zonse ku Limbe sindinakumanepo ndi munthu amene anaona chinthu chimene akuti anaba. Wakuba njinga amakhala asanaionepo njinga chibadwire. Mawu akuti "panalibe kanthu" ndinawamva ngati mmene munthu amamvera mvula padenga.

M'mwamba munalira kabelu. Selina anapukuta manja pa epuloni, nafika pamasitepe, kenako anatembenuka.

"Bambo, mundiuze zoona. Ndiyambe kulongedza?"

"Musayambe."

"Mwapeza kanthu?"

"Ayi. Koma tsiku silinathe."

*

Kuchoka ku Oakville kukafika ku Oshawa n'kudutsa Toronto yense m'litali mwake, ndipo hita ya galimoto yanga imagwira bwino ntchito mwezi wa Julayi. Ndinafika zala zitauma. Pakhomo panali galimoto ya a Laban yopukutidwa bwino, tayala la sipeya lili pampando wakumbuyo ngati mlendo.

A Laban Chitedze mkati mwa sabata amamanga mipando ya magalimoto kufakitale. Anandilandira atavala jekete la mabatani agolide, m'nyumba mwawo momwe, Lamulungu masana.

"A Sherifi, ndimakuyembekezani. Umboni wanga ndaulemba kale, makope awiri."

Anaimirira n'kuwerenga. "Ine, Laban Chitedze, Wachiwiri kwa Bwanamkubwa, ndikunena kuti Lachinayi faifi koloko madzulo, ndisananyamuke, ndinasuzumira pakhomo la chipinda cha amayi kuti nditsanzike. Ndinaona Selina ataima pansi pa kalata, akusisita felemu ndi dzanja lamanja."

"Munaiona bwinobwino kalatayo?"

"Ngati mmene ndikukuonerani inuyo. Pakati pa chithunzi cha ukwati ndi digiri ya masitazi. Ndaimirira pambali pake katatu pa malumbiro, ndingaisokoneze?"

"Kenako?"

"Kenako ndinachoka, ndipo sindinabwererenso. Lachisanu ndi Loweruka ndinali pa shifiti. Makhadi olowera ndi awa, ndawafotokopa."

Sindinawapemphe makhadiwo. Ndinawayang'ana ndithu, poti munthu wavutika. Anali olondola.

"Anthu akuti munachoka msanga pamaliro a bwana wanu," ndinatero, pongofuna kuwatokosa.

"Akutero ndani? With due respect, ine ndinali woyamba kufika. Lachitatu, teni pasiti eyiti. Bwanamkubwa anali m'mwamba kulimbana ndi foni ya ku Ntcheu, mayi ali kuchipinda kulira. Ndinakhala ndekha pabalaza theka la ola ngati mlonda, munthu wina asanaoneke. Olankhulawo anali kuti? Zimenezo mulembe."

Ndinalemba.

"Kalata ikapanda kupezeka pofika Lamulungu, chichitike n'chiyani?"

Anatsinzina ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. "Ndime ya khumi ndi ziwiri, gawo lachiwiri. Bwanamkubwa akalephera kulumbira pa tsiku lake, pa chifukwa china chilichonse, Wachiwiri agwirizire mpando kufikira chisankho china." Anatsegula maso. "Si kufuna kwanga. Ndi mtolo. Koma ku Michigan komweko, bwanamkubwa wachiwiri atasiya mpando, womutsatira wake anakhalapo pafupifupi chaka chathunthu. Dziko silinagwe."

"Nanga Selina?"

"Zachisoni, you know. Koma lamulo ndi lamulo."

Potuluka ndinafunsa za tayala lija.

"Ndikufuna kukalipopetsa," anatero, natseka chitseko.

M'njira ndinkadziyankhula ndekha ngati wamisala. Chifukwa chobera anali nacho, chachikulu ngati jekete lakelo. Koma ngati kalata inali pakhoma Lachinayi faifi koloko, iwo n'kuchoka osabwereranso, ndiye kuti si iwo. Ndipo munthu yekhayo wonena kuti inalipo anali iwo omwewo. Ndinkafunika wina amene anali m'chipindamo nthawi imeneyo, ndipo ndinazindikira ndi manyazi kuti tsiku lonse ndinali nditadalira amuna awiri a m'galaja za zinthu zochitika kumene kunali amayi.

*

Joan Sakala, nesi wa ku Chipata amene anali ndi amayi pamaliro paja, amakhala ku Scarborough pa nsanja ya khumi ndi zinayi. Chikepe chinali chitafa. Ndinafika m'mwamba ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo, n'kumupeza akusita yunifolomu.

"Ah, a Sherifi. Mwabwela kunimanga? Ngenani, koma nsapato muvule."

"Ndabwera ndi funso limodzi, achemwali."

"Imwe amuna, masiku atatu mu galaja, kudya chabe na kukamba ndale. Manje mwayamba mafunso. Funsani."

"Lachinayi faifi koloko munali m'chipinda muja?"

"Nenze pamene paja, kuyambitsa nyimbo."

"A Laban anasuzumira kudzatsanzika?"

"A Labani? Mwamuna aliyense sanaonetse mphuno kuja, kuchoselako abusa."

"Selina anaima pansi pa kalata ija?"

"Kalata iti?"

"Ya pakhoma."

Anaimika simbi n'kundiyang'ana monga amayang'anira wodwala amene wameza mankhwala opaka.

"A Makwinja, imwe munakulila kuti? Pa malilo pamankhala vithunzi pakhoma?"

Ndinakhala pampando osauzidwa. Ndinakumbukira maliro a bambo anga ku Chiradzulu. Nditalowa kukaona nkhope, khoma linali lopanda kalendala, lopanda chithunzi, lopanda ngakhale kagalasi kawo kometera. Patatha masiku zonse zinali m'malo mwake. Sindinafunsepo kuti anatsitsa ndani, anabweza ndani. Ndinkaganiza kuti makoma amadziwa okha.

"Munatsitsa liti?"

"Pa Chitatu, ileveni koloko, tikalibe kuyala matilesi. Mipando tinatulutsa, vithunzi ninachosa neka, ninaika pansi pa bedi ya a Mathilda. Pa Satade tinabweza. Ngati ninasokoneza malo anikhululukile, sindine kalipentala."

"Zinali zingati?"

"Sikisi. Madigili atatu, ukwati, mapu, na chija agwilana chanza na munthu alibe mutu."

"Misomali ilipo seveni."

"Umodzi unali chabe, palibe kanthu. Ninaganiza a Dokotala asunga okha chipepa chawo. Si mudziwa mwamene amachikondela kupambana akazi awo."

"Bwanji simunanene?"

"Ananifunsa ndani? Ine nilibe udindo." Anagwiranso simbi. "Manje chachitika n'chani?"

Ndinamuuza za Selina. Zimene ananena za a Dokotala sindizilemba, chifukwa zina mwa izo ndi za chipatala. Kenako ndinapempha foni n'kuimbira ku Oshawa.

"A Wachiwiri, Bwanamkubwa akufuna mudzawerenge umboni wanu pamaso pawo mawa hafu pasiti eyiti, asanaimbire apolisi. Mwa lamulo."

"Ndivale jekete?"

"Valani."

*

Anafika nthawi isanakwane. Ndinayamba ndasuzumira m'galimoto mwawo: mlendo uja anali adakali pampando wakumbuyo.

M'chipinda chochezera a Dokotala anakhala pampando wawo waukulu, foni ili pambali. A Laban anaimirira n'kuwerenga umboni wawo wonse, mpaka dzanja lamanja. Mayi Mathilda analowa ndi tiyi.

"Mayi, musatuluke," ndinatero.

"A Sherifi, akazi anga alibe mpando m'nkhaniyi."

"Dzulo munati ndikafuna umboni wawo ndiwaitane. Ndawaitana." Ndinatembenuka. "A Wachiwiri, munaima pati?"

"Apa, pakhomopa."

"Munaona chiyani pakhoma?"

"Zonse. Madigiri, ukwati, mapu, ndi kalata pakati."

"Mayi, Lachinayi pakhomapa panali chiyani?"

Mayi Mathilda anaika thireyi pansi, napukuta manja pa chitenje. Sanafulumire. Anali atadikira kuyambira Loweruka.

"Misomali."

Supuni ya a Dokotala inaima m'kapu.

"Misomali yokha?"

"Panali maliro, bambo. A achimwene anu. Mumafuna amayi alire pansi pa madigiri? Joan anatsitsa zonse Lachitatu m'mawa, n'kuziika pansi pa bedi lathu. Loweruka tinatulutsa limodzi. Zinali zisanu ndi chimodzi. Ndinayesa mwasunga nokha kalata yanu, ndipo mutayamba kukuwa ndinayesa kukuuzani kanayi."

A Laban anakonza kolala. "Mwina ndinasokoneza tsiku. Maliro amasokoneza mutu. Liyenera kuti linali Lachitatu."

"Selina anafika Lachinayi thu koloko," ndinatero. "Pamene Joan amatsitsa zithunzi Lachitatu ileveni koloko, kalata inali itachoka kale. Asanabwere Joan, munthu amene anakhala yekha m'chipinda muno theka la ola ndi mmodzi. Munandiuza nokha, n'kundiuza kuti ndilembe. Munanena za Lachinayi kuti kuba kugwere tsiku limene inu muli ku Oshawa ndi makhadi anu. Mukanasuzumiradi pakhomopa, mukanadziwa kuti palibe choti munthu asisite. Koma munali m'galaja, ngati ine, ngati a Dokotala, kudikira tiyi."

"Point of order, a Bwanamkubwa. Sherifi alibe mphamvu yofunsa Wachiwiri popanda chilolezo cha Oweruza atatu."

"N'zoona," ndinatero. "Apolisi a kuno ndiwo alibe ndime imeneyo. Iwo akaona tayala la sipeya pampando, amafuna kudziwa kuti m'malo mwa tayalamo muli chiyani."

Wotchi ya kukhitchini inalira. Mayi Mathilda ananyamula foni n'kuiika pamiyendo ya amuna awo.

"Naini yakwana, bambo. Munati muimba."

A Laban anatuluka. Tinamva buti ya galimoto ikutsegulidwa. Anabwera ndi kamtolo kokutidwa ndi siponji ya mipando ya galimoto, kozengedwa bwino ndi tepi. Ntchito yawo amaidziwa. Galasi linalibe ngakhale kamng'alu.

"Ndikanaibweza Lolemba linalo," anatero akuyang'ana kapeti. "Ndinangoisunga. Zaka zisanu ndi chimodzi, a Dokotala. Ine ntchito yanga kuimirira kumbuyo kwanu. Ngakhale chimfine simunadwalepo tsiku la msonkhano."

"Nanga Selina analowamo bwanji?" ndinafunsa.

"Sindinaganize kuti zifika kwa apolisi. Anandifunsa ngati ndinaonapo kanthu, ndiye ndinangotchula munthu amene..."

"Amene alibe udindo," anamalizitsa mayi Mathilda.

A Dokotala sankamva. Anali atanyamula felemu ku dzuwa la pawindo, akuwerenga chamumtima kusankhidwa kwa bambo Jotham Pell. Atatsimikiza kuti migolo ya nsomba ili m'manja abwino, nkhope yawo inafewa, ndipo ndinadziwa kuti kukubwera mbiri.

"Iyi ndi nkhani ya pakati pa atsogoleri," anatero. "M'zaka zoyambirira za boma lililonse mumakhala kukokana kotere. Kumasonyeza kuti maudindo ali ndi moyo. Tiika komiti ya anthu atatu, ndipo nkhaniyi isatuluke m'chipinda muno. A Sherifi, boma likuthokoza. Mutha kupita."

"Pali mayi misewu inayi kuchokera pano amene sanagone," ndinatero. "Munamuuza kuti abweze chimene sanatenge."

"Mumudziwitse kuti mlandu wathetsedwa."

Ndinayamba kumasula tayi, chifukwa zimene ndinkafuna kunena sizinenedwa munthu atavala tayi. Koma mayi Mathilda ananditsogolera. Anatenga felemu m'manja mwa amuna awo monga amalandira mpeni kwa mwana, naikulunga m'chitenje chawo, naipanira m'khwapa.

"Iyi ikhala kwa ine. Mudzaiona Lamulungu mukakhala kuti mwakapepesa mwana wa eni ake uja. Nonse awiri. Ndi nkhuku."

"Mayi, pansi pa ndime iti?"

"Ya kwa amayi anu ku Ntcheu."

Ku Oakville nkhuku yamoyo sipezeka. Ndinawatengera pa galimoto yanga yopanda hita ku sitolo, kumene Bwanamkubwa ndi Wachiwiri wake anakangana mphindi khumi ngati nkhuku ya chipepeso ingakhale yodulidwa kale. Anagwirizana pa yathunthu, youma gwa ngati mwala.

Tinalowera kuseri. Selina anali m'chipinda chochapira chomwe chija. Pafupi ndi mashini panali sutikesi yotsegula, yodzaza theka. Sanandimvere.

A Laban anagwada, jekete ndi mabatani ake omwe, nanena mawu awiri atatu amene anamveka ngati a munthu. A Dokotala anaima ndi nkhuku m'manja, zala zikuchita dzanzi, nayamba kufotokoza kuti kulakwitsa kwa akuluakulu a boma si chinthu chachilendo, ndipo kuti m'chaka cha 1837...

"Bambo," ndinatero, "nkhuku ikusungunuka."

Anayang'ana nkhukuyo, kenako sutikesi.

"Ndinakulakwirani, mayi. Pepani."

Selina analandira nkhukuyo ndi manja awiri, naiika m'beseni.

"Ndamva, bambo. Foni ija simuimba?"

"Sindiimba."

Anatseka sutikesi ndi phazi n'kuikankhira pansi pa tebulo. M'mwamba kabelu kanalira.

"Pepani, agogo akuitana. Popeza muli ndi galimoto, munditengereko zitenje izi kwa eni ake. Ndalemba mayina. Zinayi n'za ku Scarborough, kwa a Joan. Akuti chikepe sichinakonzedwe."

Anagawa zisanu ndi chimodzi kwa Bwanamkubwa, zisanu ndi chimodzi kwa Wachiwiri, nakwera masitepe. Ine ndinangotsegula chitseko. Sherifi sanyamula katundu. Zili mu ndime yachisanu ndi chinayi, analemba okha.